Kodi satelayiti ingandionere chitsime?

Funso: Ine ndimakhala ku Domwe, ku Angónia. Chitsime chathu chili kumunsi kwa dimba la mbatatesi, ndipo m'dimbamo timathira NPK pobzala, kenako yuleya, chaka ndi chaka. Mnyamata wanga amene akuphunzira ku Tete akuti feteleza amalowa m'madzi a pansi, akutinso masiku ano makina a mumlengalenga amaona madzi oipa. Kodi sangationereko chitsime chathuchi? Mpongozi wanga mkaka ukumuchepera, ndiye khanda timalisungunulira wa m'chitini ndi madzi omwewa, koma timayamba tawiritsa.

Gogo wa ku Domwe

Yankho: Agogo, za mumlengalengazo zibadikira, tiyambe ndi khandalo.

Mnyamata wanu sananame. Yuleya akalowa m'dothi amasanduka mchere wotchedwa nayitireti. Mcherewu sukakamira kudothi, choncho umene mbatatesi sinadye, mvula imatsika nawo mpaka kumene chitsime chimatunga. Madziwo sanunkha, sasintha mtundu, amakoma monga kale. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a nayitireti pa lita imodzi, ndipo malire amenewa anawaika poganizira makanda omwa mkaka wosungunula ngati mdzukulu wanuyo. Nayitireti ikachuluka, magazi a khanda amalephera kunyamula mpweya, milomo ndi zala zimayamba kuda mobiriwira. Mukaona zotere, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa kuwiritsa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Moto umapha tizilombo, ndipo musasiye kuwiritsa. Koma nayitireti siuluka ndi nthunzi. Madzi akamaphwera mumphika, iyo imatsala yonse m'madzi ochepawo. Certeza, mankhwala othira m'madzi pofuna kupha tizilombo, nayenso saichotsa. Pakadali pano madzi a khanda katungeni kumjigo wakuya umene uli kutali ndi madimba, ndipo mayi ake azingoliyamwitsa pafupipafupi, pakuti mkaka umabwera ndi kuyamwa. A nesi amuthandiza pamenepo.

Ndikadakhala ine, feteleza sindikadamuweruza yekha. Midzi yambiri imene ndayendamo, wolakwa wamkulu amakhala chimbudzi kapena khola la ng'ombe limene lili kumtunda kwa chitsime. Yendani muwerenge mapazi: pakhale mamita osachepera 30, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi.

Tsono za satelayiti. Zilipodi. Sentinel-3 ya ku Ulaya, imene yoyamba inaponyedwa mu 2016, imayang'ana mtundu wa madzi a m'nyanja zikuluzikulu. Feteleza wokokoloka akafika kumeneko amadyetsa ndere, madzi nkubiriwira, ndipo kubiriwirako ndi kumene imaona. Ku Gulf of Mexico, kumene mtsinje wa Mississippi umathira zochokera m'minda ya ku America, nderezo zikafa zimatha mpweya m'madzi mpaka nsomba kuthawa. Yuleya wanu naye atati akokoloke, njira yake ndi Revúbuè, Zambezi, mpaka nyanja ya India. Kumeneko mwina ndere zake nkuoneka. Koma pansi pa dimba lanu satelayiti siona kanthu.

Chitsime chimayezedwa ndi munthu wonyamula botolo. Funsani a zaumoyo ku Ulongwe kumene mungayezetse madzi, ndipo mukanene kuti mukufuna ayeze nayitireti, osati tizilombo tokha. Yezetsani nthawi ya dzinja, mvula itagwa pa feteleza, kenako mubwerezenso m'chilimwe. Mnyamata wanuyo mumutume ndi botolo akamabwerera ku Tete.