Za ulendo wa ku Victoria Falls: masiku asanu achepa

Achimwene, mwati mukufuna kukathamanga half marathon, mpikisano wa makilomita 21.1, ya ku Victoria Falls ku Zimbabwe mu Julaye, munyamuke ku Lilongwe pagalimoto ndi mayi akunyumba ndi ana, ndipo mukufunsa ngati masiku asanu akwana. Ine ndikuti achepa. Pemphani tchuthi cha sabata yathunthu, chifukwa masiku anayi adzathera mumsewu, awiri popita ndi awiri pobwerera.

Mpikisanowu umachitika Lamulungu, choncho nyamukani Lachinayi m'mamawa tambala asanalire kachiwiri. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Lusaka ndi makilomita opitirira 700, ndipo nthawi ina idzakutherani pa boda ya Mchinji ndi Mwami. Kuyambira mu 2022 maofesi a mayiko onse awiri amagwirira ntchito malo amodzi, zinthu zinapepukako, koma mapepala a galimoto amachedwetsabe. Blue book ikhale m'manja, kalata ya Interpol yotsimikiza kuti galimoto si yobedwa mukatengeretu ku polisi, ndipo inshuwalansi ya COMESA, ija amati yellow card, muigulire kuno. Ngati galimotoyo sili m'dzina lanu, mukhale ndi kalata ya mwiniwake. A Zambia adzafuna carbon tax, msonkho wa utsi wa galimoto, ndi zolipira zina za pamsewu, ndiye ma kwacha a kumeneko musawasinthe ochepa. Visa sitifunika ife Amalawi, kaya ku Zambia kaya ku Zimbabwe, koma mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake, ndipo zikalata za kubadwa muziike m'chikwama chomwecho.

Mukadutsa Chipata, Katete ndi Petauke msewu umayendeka bwino. Pamene pakufunika maso ndi kuyambira ku Nyimba mpaka kupitirira mlatho wa Luangwa. Ndi mapiri, msewu ndi wokhotakhota, mathiraki amakwera zitunda mochita kukwawa ndipo mtima umafuna kuwapitirira pamalo osaona kutsogolo. Chigawo chimenechi muchidutse dzuwa lili pamutu. Pamsika wa pafupi ndi mlathowo imani, ana atambasule miyendo, mayi aone nsomba zouma ndi madengu. Kagoneni ku Lusaka, Lachisanu mupitirire kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze ndi Choma mpaka ku Livingstone, makilomita ngati 480.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi miyendo yanu. Munthu amene wakhala pachiwongolero masiku awiri amatsika msana utauma, akakolo atatupa. Kumeneko n'kumene ndikukanira zofika Loweruka madzulo. Ngati mayi ali ndi laisensi, muzisinthana, ndipo maola awiri aliwonse muziima n'kuyendayenda pang'ono. Loweruka likhale la kukatenga nambala yanu yovala pampikisano, kuthamanga pang'onopang'ono mphindi 20 zokha, kenako kukhala pansi. Ana adzavuta kuti tiyeni ku mathithi, phokoso lake akulimva ali pabedi. Mayi awatenge apite, kapena onse adikire. Kuzungulira njira zoonera mathithi ndi maola awiri kapena atatu muli chiimire, zovala zitanyowa, ndipo mudzazimva pa kilomita ya 15.

Malo ogona mupeze ku mbali ya Zimbabwe, makamaka usiku wa Loweruka. Mpikisano umayamba m'mawa kwambiri m'tauni ya Victoria Falls, ndiye zoti muzipikisana ndi mzere wa pa boda mtima uli m'mwamba, ayi. Lipiranitu miyezi ingapo isanafike, chifukwa tauniyi ndi yaing'ono ndipo sabata imeneyo imadzaza. Ndikanakhala ine, galimoto ndikanaisiya pamalo otetezeka ku Livingstone n'kuwoloka ndi taxi, m'malo moyambiranso mapepala ndi zolipira zolowetsera galimoto m'dziko lachitatu. Kutsidyako zinthu zambiri amagulitsa m'madola a America, ndipo ang'onoang'ono ndi amene amathandiza.

Njira yake ndi yokoma. Mumathamanga pa mlatho wa mu 1905 wolumikiza Zimbabwe ndi Zambia, mtsinje wa Zambezi uli pansi penipeni kuphompho, kenako mumatsata m'mbali mwa mtsinje cha kumene kuli mlambe waukulu wotchuka. M'mawa wa Julaye kumazizira zedi, valani juzi yakale yoti mukaivula simudandaula, koma dzuwa likakwera kumatentha, choncho madzi musawadumphe. Pamlatho aliyense amathamanga ngati wapenga ndi chisangalalo. Asiyeni apite, makilomita 21.1 ndi ambiri. Nsapato zikhale zomwe mwazolowera, ndipo Loweruka usiku idyani nsima kapena mpunga monga kwanu, zakudya zachilendo zidikire. Palinso mtunda waufupi wa makilomita 7.5 umene mayi ndi ana okulirapo angalembetse, kuti asangokhala ogwira majuzi.

Lolemba ndiye tsiku la ana. Alowe akaone mathithi aja, amene amatchedwanso Mosi-oa-Tunya, mosathamangitsidwa, mafoni ali m'majumbo chifukwa mu Julaye madzi amawazabe ndithu. Chakudya asachinyamule poonekera, anyani a kumeneko saopa munthu. Kuyenda pang'onopang'ono tsiku limeneli kudzakumasulaninso minofu. Lachiwiri m'mawa chiwongolero ayambe ndi mayi, inu mukachilandire ku Choma.