Zipata zoima m'nyanja ku Tsushima: kodi mlendo angafikeko?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuphunzira ku Fukuoka, ku Japan. Anaona chithunzi cha zipata zoima m'madzi pachilumba cha Tsushima, ndiye akufunsa za kayendedwe kake, komanso ngati iwo monga Mkhristu angaloledwe kufikako.

Achemwali, malo munawaonawo ndi kachisi wa Watazumi, wa chipembedzo cha makolo cha ku Japan chotchedwa Shinto, m'dera la Toyotama pachilumbapo. Zipatazo amazitcha torii. Zilipo zisanu zondondozana, ndipo ziwiri zili m'nyanja momwe. Madzi akadzadza, nsanamira zake zimamira mpaka chipata chimaoneka ngati chikuyandama. Akaphwera, pamatsala matope ndi miyala. Amene amalemekezedwa pamenepo ndi Toyotama-hime, mwana wamkazi wa mulungu wa nyanja, pamodzi ndi mwamuna wake Hikohohodemi.

Ulendo si wovuta. Kuchokera padoko la Hakata ku Fukuoka komweko, boti lothamanga limatenga maola awiri ndi mphindi zingapo kukafika padoko la Izuhara ku Tsushima, ndipo ndege yochokera ku Fukuoka sikwanitsa ndi ola lomwe. Mabasi pachilumbapo ndi apatalipatali, choncho galimoto yahayala ingakuthandizeni.

Koma nkhani imene yandikhudza ndi iyi. Mu 2020 mphepo yamkuntho inagwetsa chipata chimodzi cha m'madzi, ndipo anthu, ena akunja, anasonkha ndalama zochimangiranso. Chikondi chinalipo ndithu. Komabe mu Malichi 2025 oyang'anira kachisiyo analengeza kuti ongobwera kudzaona malo asalowenso, ndipo analetsa kujambula zithunzi ndi mavidiyo, atatopa ndi mwano wa alendo ena. Khomo analisiyira anthu a m'deralo ndi iwo obwera ndi mtima waulemu kwa milungu yawo. Ine sindiwaimba mlandu. Ndani angalowe ku Khulubvi, kwa M'bona ku Nsanje, akuseka mokweza, foni ili m'mwamba?

Ndiye musananyamuke, pemphani mnzanu wodziwa Chijapani aone zimene kachisiyo walengeza posachedwapa. Mukaloledwa, weramani pang'ono pachipata, ndipo muziyenda cha m'mbali, poti pakati amati ndi podutsa milungu. Pamalo osambirapo m'manja, tungani madzi, sambani dzanja lamanzere, kenako lamanja, n'kutsuka m'kamwa ndi madzi a m'chikhatho.

Opembedza amawerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi. Kumeneko ndiko kupemphera kwawo, ndipo ngati chikumbumtima chanu sichikulola, musadzikakamize. Komanso musanamizire kupembedza pofuna kuti mulowe basi. Kuima chete chapatali, chisoti chili m'manja, sikulakwira aliyense.

Mtima ukakana kulowa, kwerani phiri la Eboshidake, lomwe lili pafupi pomwepo. Pamwamba pake mudzaona nyanja ya Aso italowerera pakati pa tizilumba tobiriwira tambirimbiri, ndipo kunja kukayera bwino, mapiri a ku Korea amaoneka cha uko.