Zolemba mwawerenga zambiri, koma mutu wachiwiri akubwezerani

Wowerenga wina, amene akuchita digiri yachiwiri pa nkhani ya feteleza wotsika mtengo, wanditumizira imelo yodandaula kuti aphunzitsi omuyang'anira am'bwezera mutu wachiwiri, wounika zimene ena analemba kale, ati wangondandalika mayina. Akufunsa kuti walakwitsa pati, popeza anawerenga zolemba zoposa 30.

Kuwerenga mwawerengadi, ndipo khama limenelo silinapite pachabe. Cholakwika n'chakuti mlembi aliyense mwamupatsa ndime yakeyake, ngati mphunzitsi amene akuitana mayina m'kalasi, pamene mutu umenewu umafuna kuti mukhale ngati mfumu pabwalo, imene imamva mbali zonse n'kunena pamene pagona nkhani.

Tengani nkhani yanu yomweyi. Pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo yotchedwa FISP inayamba mu 2005 ndipo mu 2020 inalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa AIP. Pa zaka zonsezo akatswiri sanamvane chimodzi: ena amati chimanga chinachuluka chifukwa cha makuponi, ena amati mvula yabwino inathandizanso, ena amakayikira ziwerengero za zokolola zimene zinkalengezedwa, pomwe enanso amafunsa ngati makuponiwo ankafikadi kwa osaukitsitsa. Mikangano imeneyi ndiyo ikhale timitu tanu. Mlembi mmodzi akhoza kutuluka pa timitu tiwiri kapena titatu, ndipo pansi pa kamutu kalikonse munene inuyo mbali imene ili ndi umboni wolimba, komanso chifukwa chake.

Kuti zimenezi zitheke, tsegulani tebulo mu Excel, ndipo pa cholemba chilichonse mulembe mlembi, chaka, boma limene anachitirako kafukufuku, njira imene anatsata, zimene anapeza ndi nambala ya tsamba. Nambala ya tsambayo musainyoze, chifukwa ine ndinatayapo masiku awiri kusakasaka mawu amene ndinakopera osalemba kumene ndawatenga. Pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Zotero ndi yaulere ndipo idzakusungirani maumboni onse. Pofufuza, masamba a pa intaneti a Google Scholar ndi AJOL (African Journals Online) ndi othandiza, koma mupitenso ku laibulale ya yunivesite ku Bunda kapena ku Zomba, kumene kuli zolemba za ophunzira akale zimene pa intaneti simungazipeze.

Tebulo likadzaza, yang'anitsitsani mzere wa maboma uja. Mukaona kuti boma lanu kapena funso lanu silikutulukamo, lembani zimenezo m'ndime yomaliza, chifukwa ndi pamenepo aphunzitsi anu adzaonere kufunika kwa kafukufuku wanu.