Za Eric Whitacre uja mwafunsa

Achimwene, mwafunsa kuti woimbitsa kwaya ya pa YouTube ija, ya nkhope zambirimbiri pa kanema mmodzi, ndi ndani, komanso ngati kwaya yanu ingathe nyimbo zake. Ameneyo ndi Eric Whitacre wa ku America, wobadwira ku Reno, m'chigawo cha Nevada, mu 1970.

Munthuyu anafika pa yunivesite ku Las Vegas asakudziwa n'komwe kuwerenga manotsi. Iye ankalakalaka kudzatchuka ndi nyimbo za pop. Atalowa kwaya ya pasukulupo n'kuimba nawo Requiem ya Mozart, mtima unatembenukira pomwepo, ndipo ali ndi zaka 21 anapeka nyimbo yake yoyamba ya kwaya. Kenako anakasulidwa ku sukulu ya nyimbo ya Juilliard, ku New York, m'manja mwa John Corigliano. Mu 2012 chimbale chake cha Light & Gold chinapata mphoto ya Grammy.

Kanema munaonayo inayamba chonchi. Mtsikana wina anadzijambula akuimba sopulano ya nyimbo ya Whitacre yotchedwa Sleep n'kuika pa intaneti. Whitacre ataona, anadzijambula akuimbitsa yekha popanda oimba, anthu n'kumaimba ali m'nyumba zawo akutsatira manja ake, mawuwo n'kuwalumikiza pa kompyuta. Mu 2010 anali anthu 185 a m'mayiko 12, akuimba Lux Aurumque. Mu 2020, nthawi ya Covid, anafika 17,572 a m'mayiko 129.

Sleep yomweyo ili ndi kankhani kake. Poyamba anaipeka pa ndakatulo ya Robert Frost, koma eni umwini wa ndakatuloyo anakana. Mnzake Charles Anthony Silvestri ndiye analemba mawu ena olowa ndendende m'maimbidwe omwewo, moti womvera sangadziwe kuti ndi chigamba.

Tsono za kwaya yanu. Nyimbo zake sizithamanga, ndiye munthu amaziona ngati zophweka. Ayi ndithu. Iye amakonda kuunjika manotsi oyandikana, wina ali pa do, mnzake pa re, winanso pa mi, onse nthawi imodzi, ndipo kukoma kwake kuli pa kugundanako. Ife makutu athu anazolowera kuti mawu azikumana bwinobwino, ndiye alito akangomva kuti akukhulana ndi sopulano, amathawira pa notsi ina mosadziwa, akuganiza kuti akukonza. Apo nyimbo yafa. Onjezanipo kuti mawu anayi aja amagawikanso mpaka asanu ndi atatu, mu nyimbo zambiri kiyibodi palibe, ng'oma palibe, mpweya uyenera kukhala wautali. Mabesi akatopa, kwaya yonse imatsetsereka pang'onopang'ono osazindikira.

Ine ndinganene kuti musathamangire nyimbo yonse. Imikani anthu awiri, wina agwire do, wina re, akhale pomwepo osasuntha mpaka asiye kuseka. Akazolowera, onjezani wachitatu. Aphunzitseninso kupuma mosinthana kuti mawu asaduke, ndi kuchepetsa kunjenjemeretsa mawu, chifukwa kumasokoneza manotsi oyandikanawa.

Kunena chilungamo, ndikamvera nyimbo zake zambiri motsatizana zimayamba kundifanana, ndipo sindili ndekha wonena zimenezi. Koma The Sacred Veil, yomwe mawu ake ambiri analemba Silvestri pokumbukira mkazi wake amene anamwalira ndi khansa, imeneyo mumvere muli phee.

Mukafuna poyambira, yambani ndi Lux Aurumque, popeza ndi yaifupi. Ndipo manotsi ake agulidwe, pajatu amagulitsa pa intaneti.