Yankho: Kodi boma la America lingalande mfuti pa nthawi ya ngozi?

Achimwene, mwafunsa ngati apolisi a ku America ali ndi mphamvu yolanda mfuti za anthu boma likalengeza kuti kwagwa ngozi yaikulu. Masiku ano lamulo likuletsa, koma kale zinachitikapo ndithu.

Namondwe wa Katrina atasefukiza mzinda wa New Orleans mu Ogasiti 2005, mkulu wa apolisi Eddie Compass analengeza kuti achitetezo okha ndiwo aloledwa kukhala ndi zida. Apolisi anayamba kulanda mfuti, ngakhale za anthu amene anali nazo motsatira lamulo ndipo sanapalamule kanthu. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa inali nthawi yomwe mafoni sankagwira, misewu inali itamira, ndipo munthu akaitana apolisi sankabwera msanga. Bungwe la National Rifle Association pamodzi ndi la Second Amendment Foundation, mabungwe omenyera ufulu wokhala ndi mfuti, anakasuma, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho woweruza Jay Zainey analamula kuti kulandako kuyime. Mlanduwo unatha mu 2008 pomwe mzindawo unavomera kubweza mfutizo.

Mu 2006 Congress, nyumba ya malamulo ya dziko la America, inakhazikitsa lamulo lotengera mfundo za bilu ya Disaster Recovery Personal Protection Act, ndipo George W. Bush, yemwe anali pulezidenti pa nthawiyo, analisainira. Limaletsa ogwira ntchito m'boma lalikulu, komanso mabungwe olandira ndalama zake, kulanda mfuti yovomerezeka pongotengera kuti kuli ngozi. Chomwe ambiri amachiphonya n'chakuti opulumutsa anthu angakuuzeni kuti muyambe mwapereka mfutiyo musanakwere bwato kapena basi yawo, koma ayenera kukubwezerani mukatsika.