Chikwama cha ku Zanzibar: yankho kwa achemwali a ku Mzuzu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wachitsikana wa ku Mzuzu. Analemba kuti: "Ndasunga kangachepe kwa chaka chathunthu. Pa holide ya Ogasiti ndikufuna kupita ku Zanzibar ndekha, pa basi, kwa masabata atatu. Sindinatulukepo m'dziko muno. Ndinyamule chiyani, nanga ndikadzisamale bwanji? Amayi akuti akandibera ndi nsapato zakuphazi zomwe."

Achemwali, nsapatozo mukabwera nazo. Koma amayi sakunama kwenikweni, akuba kumeneko aliko, monga aliri pa depoti ya ku Lilongwe. Chimene ndachiona m'maulendo anga pa njira imeneyi n'chakuti munthu amaberedwa pa nthawi imene wangotsika m'galimoto, watopa, kwada, ndipo manja onse awiri ali ndi katundu. Ndiye nkhani ya zonyamula ndi nkhani ya chitetezo ndiziyankha pamodzi, chifukwa kwa ine ndi nkhani imodzi.

Tiyambe ndi chikwamacho. Pezani chobereka kumbuyo cha malita 40, za kaunjika zilipo zolimba, mungoona zipi ndi malamba ake. Mukachilongedza chisapitirire makilogalamu 8. Chibereke mukwere nacho chitunda cha kwanuko kwa mphindi 30, ndipo mukabwerako mukudziwa nokha zochotsa. Ubwino wa chikwama chaching'ono ndi wakuti mumakhala nacho pamiyendo mu minibasi, mumalowa nacho kuchimbudzi, ndipo mnyamata aliyense wa pa siteji amene akuthamangira kuti akunyamulireni mumangomuuza kuti zikomo, n'kudutsa. Sutikesi ya matayala isiyeni kunyumba. Tinjira ta ku Stone Town, mzinda wakale wa ku Zanzibar, ndi topapatiza, ndipo ku magombe mudzayenda pa mchenga.

Zovala za masiku anayi zikwana, mudzichapa. Kasopo kamodzi ka mtanda ndi kachingwe koyanikira zimagwira ntchito kuposa madiresi asanu owonjezera. Musaiwale juzi. Anthu akamva Tanzania amaganiza za kutentha kwa ku Dar es Salaam, koma usiku wanu woyamba mudzagona ku Mbeya, pamalo okwera pafupifupi mamita 1,700, ndipo mu Ogasiti m'mawa mwake mumazizira ngati kwanu ku Mzuzu konko. Zitenje tengani ziwiri. Chitenje chikhala chofunda m'basi, choyala pa bedi lomwe simukulikhulupirira, chopukutira mukasamba, komanso chophimba mapewa ndi mawondo ku Zanzibar, kumene anthu ambiri ndi Asilamu ndipo kuyenda mumzinda ndi kabudula wamfupi kumaoneka ngati mwano. Nsapato zotseka peyala imodzi, ndi masilipasi a kubafa.

Majumbo musatenge. Tanzania inaletsa mapepala apulasitiki onyamulira katundu kuyambira pa 1 Juni 2019, ndipo pa chipata angakuuzeni kuti muwasiye. Timatumba totseka ndi zipi toikamo sopo ndi mankhwala amatilola. Pa nkhani ya magetsi muli ndi mwayi, masoketi ambiri kumeneko ndi a mano atatu ngati athu, tchaja chanu chikalowa. Onjezerani pawabanki, katochi, ndi kaloko kakang'ono kokiyira loka ya ku hositelo kapena chitseko cha gesti chomwe loko wake akukayikitsa.

Kathumba ka mankhwala kakhale ndi Panado, mapaketi angapo a Thanzi, pulasitala, mafuta othamangitsa udzudzu, ndi mankhwala alionse amene mumamwa nthawi zonse ali m'bokosi lawo lolembedwa dzina. Malungo kumeneko aliko. Thupi likatentha pitani mukayezetse tsiku lomwelo, musamadikire kuti mudzaona mukabwerera. Madzi imwani a m'botolo lotseka. Chakudya cha m'misewu idyani, ndi kumene kuli kukoma ndi kutchipa, koma sankhani pamene pali mzere wa eni dera ndipo akuphika inu mukuona. Nsomba ndi nkhanu zoyalidwa pa tebulo kwa maola ambiri ku Forodhani, msika wa zakudya wa usiku ku Stone Town, ine ndimazidutsa, ndimadya urojo (msuzi wa kumeneko) ndi chapati.

Tsopano mapepala, ndipo pano ndichedwapo pang'ono. Mmalawi safuna viza polowa m'Tanzania ngati mlendo, koma pasipoti yanu ikhale ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe. Ijambulitseni kawiri. Pepala limodzi likhale m'chikwama, lina musiyire amayi, ndipo chithunzi chake mudzitumizire pa imelo. Pasipoti ikasowa mudzafunika lipoti la apolisi ndi ofesi ya kazembe wa Malawi ku Dar es Salaam, ndipo pepala lija lidzafupikitsa nkhani. Ngakhale Zanzibar ndi gawo la Tanzania, pa doko pali a zolowa ndi kutuluka akeake, amaonanso pasipoti. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la kumeneko linayamba kufuna kuti mlendo wakunja agule inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, imene inayamba pa mtengo wa madola 44. Onani mtengo wa a pasipoti ya Malawi pa intaneti musananyamuke, muyiike pa bajeti. Khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever amaifunsa kwa munthu wochokera kumaiko kumene kuli matendawo, monga Kenya ndi Uganda. Ngati mtima ungakukokeni kuti mudumphire ku Mombasa n'kubwereranso, bayitsani musanachoke.

Ndalama. Kwacha yathu imathera pa mlatho wa Songwe. Mukangodutsa Kasumulu ndi Kyela palibe amene adzaiyang'ane. Nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira m'mabanki kwathu kuno, ndiye yambani kufunsa ku banki yanu mwezi wathunthu ulendo usanafike, muli ndi pasipoti m'manja, ndipo funsaninso ngati khadi yanu ingagwire kunja komanso malire ake ndi angati. Musadalire khadiyo yokha. Madola akhale atsopano ndi osang'ambika, akale ambiri amawakana. Pa chipata sinthani zochepa zokufikitsani ku Mbeya. Anyamata osintha ndalama pamenepo manja awo ndi achangu. Gwirizanani mtengo, werengerani pa foni yanu, landirani mashilingi muwerenge nokha, kenako mupereke zanu. Akawatenganso kuti "tiwerengenso bwino", yambiraninso kuwerenga, chifukwa pamenepo ndi pamene mapepala awiri amasowa. Pepala lalikulu kwambiri la Tanzania ndi la 10,000, ndipo maziro ake amasokoneza mutu wotopa.

Ndalamazo muzigawe patatu. Zogwiritsa ntchito tsikulo zikhale m'kachikwama ka m'manja. Zambiri zikhale pathupi, m'kathumba kamene telala angakusokereni mkati mwa siketi kapena buluku, nzeru yomwe ija ya agogo yomanga ndalama pa mfundo ya chitenje. Zina zochepa, zokwanira basi yobwerera ku Songwe, zibiseni pansi pa chikwama ndipo muziiwale. Mukafika ku Mbeya gulani simukhadi ya Vodacom kapena Airtel pa shopu yawo yeniyeni, amalembetsa ndi pasipoti, muikemo ndalama zina pa M-Pesa kapena Airtel Money. Komabe ndalama zogwirika musazisiye. Pa zisankho za pa 29 Okutobala 2025 kunabuka zipolowe, intaneti inazimitsidwa kwa masiku angapo, ndipo amene ankadalira foni yokha anaona zakuda. Pa chifukwa chomwecho koperani mapu a Mbeya, Dar es Salaam ndi Zanzibar mu foni kuti azitseguka popanda bandulo, ndipo manambala ofunika muwalembe papepala. Mukaona gulu la zionetsero, khotani.

Ndikuuzeni manyazi anga. Ulendo wanga woyamba ndinagula tikiti ya basi ku Mbeya, kalaliki n'kundiuza kuti inyamuka "saa kumi na mbili". Kaswahili kanga ka m'buku kanandiuza kuti kumi na mbili ndi 12, ndiye ndinagona mtima uli m'malo, n'kufika pa siteji dzuwa lili pamutu. Basi inali itapita kalekale. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa ndi saa moja, 8 koloko ndi saa mbili, ndipo saa kumi na mbili asubuhi ndi 6 koloko m'mawa. Onjezeranipo kuti Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Tikiti ija inapita m'madzi. Safunsa anadya phula, achemwali. Muuzeni kalaliki akulozereni nthawiyo pa wotchi ya foni yanu.

Kuchoka ku Mbeya kupita ku Dar es Salaam muli ndi njira ziwiri. Basi imayenda makilomita opitirira 800, tsiku lathunthu, kutsika mapiri okhotakhota a Kitonga ndi kudutsa m'nkhalango ya Mikumi, kumene mbidzi ndi akadyansonga mumaziona pawindo osalipira kanthu. Sankhani kampani yaikulu, gulani tikiti mu ofesi yawo dzulo lake, osati kwa munthu wokutsatirani panja, ndipo kwerani ya m'mawa. Chakumwa kapena bisiketi yotsegula kale yochokera kwa munthu amene mwangodziwana naye m'basi ikaneni mwaulemu, ngakhale akhale mayi wooneka ngati wa kumpingo. Njira ina ndi sitima ya TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yochokera ku Kapiri Mposhi ku Zambia kukafika ku Dar es Salaam, imene anamanga ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975. Ine ndimaikonda. M'zipinda zogona amuna ndi akazi amawapatula, chomwe kwa mkazi woyenda yekha ndi mpumulo. Koma imayenda masiku owerengeka pa sabata ndipo kuchedwa ndi khalidwe lake, choncho kafunseni pa siteshoni mukangofika ku Mbeya, ndipo musalipiriretu chilichonse cha tsiku lotsatira. Usiku tsekani windo sitima ikaima, manja amalowera pamenepo.

Malo amene ndikufuna mutsegule maso kwambiri ndi pofika ku Dar es Salaam. Mabasi akutali amathera pa Magufuli Bus Terminal ku Mbezi, kutali ndi pakati pa mzinda, ndipo nthawi zambiri mumafika kutada. Konzeranitu kogona usiku umenewo, dzina ndi nambala yake zikhale papepala. Musakwere galimoto ya munthu amene wangokupezani n'kunena kuti ndi takisi, ngakhale akhale waulemu chotani, ngakhale alankhule Chichewa. Mumzindawu muli mbava zimene zimanyamula alendo m'magalimoto otere n'kuwazunguliza pa makina a banki mpaka khadi itauma. Itanani galimoto pa Bolt, pulogalamu ya pa foni yoitanira takisi, muone ngati nambala yake ikufanana ndi ya pa foni, kapena pemphani a kogona kwanu akutumizireni dalaivala amene amamudziwa. Masana mabasi akuluakulu a mumzinda otchedwa mwendokasi ndi otchipa, kungoti amadzaza, ndiye chikwama chibwere kutsogolo, pamimba.

Poyenda pansi m'mbali mwa msewu, kachikwama kakhale mbali yakutali ndi magalimoto. A njinga zamoto amatsomphola akuthamanga, ndipo lamba akakhala wopingasa pakhosi amakukokerani pa tala. Zikatero chisiyeni chipite, n'chifukwa chake munagawa ndalama patatu. Foni musaitulutsire pawindo la daladala (minibasi ya kumeneko) kapena pakati pa chikhamu cha ku msika wa Kariakoo. Lowani mu shopu, onani mapu anu, bwezerani m'thumba. Ndipo liwu lakuti "mwizi" musalifuule mwachisawawa. Monga "wakuba" kwathu kuno, likhoza kuphetsa munthu chifukwa cha foni.

Pa doko la maboti a ku Zanzibar mudzakumana ndi anyamata ambiri ovala ngati ogwira ntchito, ena adzakuuzani kuti ofesi yatseka kapena yasamuka. Pitirirani mpaka pa windo lenileni la Azam Marine, kapena gulani pa intaneti. Boti lothamanga limatenga pafupifupi maola awiri. Apa musatchipitse moyo. Mu Seputembala 2011 sitima ya Spice Islander inamira pakati pa zilumba za Zanzibar za Unguja ndi Pemba italemedwa ndi anthu ndi katundu, ndipo mu Julayi 2012 ya Skagit inamira ikuchokera ku Dar es Salaam komweko. Mu Ogasiti kumaomba mphepo ya kusi, mwera wa kumeneko, ndipo nyanja imavuta kwambiri masana, choncho kwerani la m'mawa musanadye zamafuta.

Kunyanja nako kuli chimene ife ana a ku Nkhata Bay ndi Chintheche sitichidziwa. Nyanja yathu imakhala pamene munaisiya. Ya mchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku. Ku Paje ndi Jambiani, midzi ya kugombe la kum'mawa kwa Zanzibar, madzi amathawa mtunda wautali, munthu n'kumayenda pa mchenga kutsatira amayi olima ndere, kenako amabwerera mofulumira kuposa mmene mukuganizira. Funsani eni malo nthawi imene madzi abwerere, ndipo valani masilipasi chifukwa m'miyala muli tizilombo taminga tobaya kuphazi. Pagombe musayende nokha usiku. Anyamata ogulitsa maulendo a pa boti adzakutsatani ndi mawu okoma. "Hapana, asante" (ayi, zikomo) wonena kamodzi mukuyendabe amagwira ntchito kuposa kufotokoza zifukwa. Wina akafunsa ngati muli nokha, mnzanu ali kuchipinda akubwera.

Za amayi, chitani nawo pangano losavuta. Musananyamuke alembereni papepala njira yonse ndi masiku ake: Karonga, Songwe, Mbeya, Dar es Salaam, Stone Town, Paje. Tsiku lililonse muziwatumizira uthenga umodzi pa WhatsApp wonena kumene mwagona ndi kumene mukupita mawa, ndipo mugwirizane kuti akhoza kuyamba kuda nkhawa pakadutsa masiku awiri muli chete, osati maola awiri. Muwauzenso kuti pa TAZARA netiweki imasowa m'malo ambiri, kuti tsiku limenelo asakusakeni kupolisi. Pa Songwe yesetsani kuwoloka m'mawa, kuti minibasi ya ku Mbeya, imene imadutsa m'minda ya tiyi ndi nthochi ya ku Tukuyu, ikakutuleni dzuwa lisanalowe.