Akuti madzi ali mu mtima, nanga mankhwala a TB abwera bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Khombedza, ku Salima. Akuti bambo a kunyumba kwawo anawajambula kuchipatala n'kuwauza kuti ali ndi madzi mu mtima, kenako anawapatsa mankhwala a TB chonsecho sakhosomola n'komwe. Funso lawo ndi lakuti, kodi adokotala sanasokoneze mafayilo?

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinaika foni pansi n'kukakhala pakhonde. Mwandikumbutsa achimwene anga.

Achimwene anali msodzi wa usipa kuno ku Nkhotakota, munthu wadzitho wokoka chilimila usiku wonse ngakhale mwera ukuzizira chotani. Matenda awo anayamba ndi kubaya pachifuwa. Akakoka mpweya kwambiri, kumabaya. Akagona chagada ndiye kumanyanyiratu, ululu n'kumakwera mpaka paphewa. Mapeto ake anasiya kugona pamphasa. Alamu anawaikira mtondo chozondoka patsogolo, pilo pamwamba pake, iwo n'kumachezera usiku chokhala atatsamira pamenepo ngati mwana wosinza pa desiki. Poyamba tinkawaseka. Sitinkadziwa kuti kupezako bwino munthu akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo ndi chizindikiro chimene madokotala amachifunsa dala.

Pakachipatala kena kolipira anati ndi zilonda za m'mimba, anawapatsa timapiritsi totafuna. Sizinathandize. Apa m'pamene abale analowererapo. Paja chaka chimenecho achimwene anali atangogula injini ya boti, ndiye nkhani inali yosachita kufunsa: anzawo a padoko awachita chipongwe. Anawatema mphini pachifuwa ponse, mankhwala akuda kutikita. Nane ndinasonkha nawo ndalama ya nkhuku, sindibisa. Miyezi itatu inatha choncho, munthu akuwonda, thukuta usiku kunyowetsa nsalu. Kenako miyendo inatupa, mimba inatupa, mitsempha ya m'khosi inaimirira ngati zingwe za ukonde.

Titafika kuchipatala cha boma, X-ray inaonetsa mtima wofufuma ngati mtsuko. Dokotala wina wachinyamata anawayendetsa kachipangizo ka sikani pachifuwa n'kundionetsa pa sikirini: kanthu kakugunda pakati, kozunguliridwa ndi mdima. Anati mdimawo ndi madzi. Anatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe anawalowetsa singano yaitali pansi pa fupa la pachifuwa. Madzi ake anali ofiirira ngati otsukira nyama. Botolo lisanadzaze n'komwe, achimwene anapuma mpweya wautali n'kupempha phala.

Mawu akuti "madzi mu mtima" ndimadana nawo. Amaopseza anthu ndipo si oona. Madziwo sakhala mkati mwa mtima, amakhala m'thumba lomwe limakuta mtima. Aliyense amene anasendapo mbuzi analionapo: ukafuna kuchotsa mtima umayamba waboola kachikopa koyera, mtima n'kutsetsereka uli tererere. Ifenso tili nalo, madokotala amalitcha pericardium. Kunja kwake ndi kolimba, ndipo linamangiriridwa ku fupa la pachifuwa komanso ku mnofu wopumira uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba, kuti mtima usamalendewere. Mkati muli nembanemba ziwiri zosalala, ina yomatirira ku mtima, ina ku thumba, ndipo pakati pake pamakhala timadzi tochepa, mamililita 15 mpaka 50, masupuni aakulu atatu osapitirira kwenikweni. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, ndiye timadziti ndi girisi wake.

Thumbali likatupa, nembanemba zija zimakhulana, ndiko kubaya kuja. Madzi akachuluka, chikopa chakunja sichitamuka msanga, choncho wofinyidwa ndi mtima. Umalephera kudzaza magazi, magaziwo amabwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake miyendo ndi khosi zimatupa. Madzi akabwera mwadzidzidzi, monga munthu akabayidwa ndi mpeni, ngakhale osadzaza kapu amatha kupha. Akamabwera pang'onopang'ono thumba limanka litamuka mpaka kusunga lita kapena kuposa, munthu akuyendabe. TB imachita zachiwirizi, imabwera chozemba.

Zonsezi dokotala uja anandifotokozera kwa mphindi ziwiri, akujambula kuseri kwa buku la kuchipatala la achimwene. Mphindi ziwiri basi! Ndikudziwa mzere umakhala wautali, ogwira ntchito ndi ochepa, koma kumutulutsa munthu wakumudzi ndi mawu akuti mtima wadzaza madzi popanda kumulongosolera n'kumupereka m'manja mwa otema mphini. Ndipo inu achibale amene mumathamangira kutchula mfiti munthu akangogula njinga yamoto, muzidziwa kuti kachilombo ka TB sikadziwa kuti wagula injini ndani.

Tsono yankho lanu, mayi

Sanasokoneze mafayilo. TB sikhala m'mapapo mokha, imalowanso m'mafupa, mu ubongo ndi m'thumba la mtimali, ndipo ikakhala kumeneko munthu atha osakhosomola, makhololo n'kupezeka alibe kanthu. Zoyambitsa zina zilipo, monga mavairasi, impso zikafooka, kapena khansa, koma kuno kwathu kumwera kwa Sahara madzi ambiri m'thumbali nthawi zambiri amakhala a TB, makamaka kwa amene ali ndi HIV. Ngati simunayezetse magazi, kayezetseni nonse awiri.

Mankhwala ndi a miyezi 6, aulere m'zipatala za boma, ndipo bambowo asadumphitse ngakhale atayamba kulima. Mkodzo ukafiira ngati Fanta musadabwe, ndi rifampicin ameneyo, mmodzi mwa mankhwalawo. Koma maso akachita chikasu, kapena akamabanika, kuchita chizungulire, kutupa kukamaonjezeka, musadikire tsiku lolembedwa m'buku, pitani lomwelo. Mufunsenso tsiku lodzajambulitsanso, chifukwa kwa ena thumba limapola molimba ngati chikopa cha ng'oma n'kumapana mtima, ndipo apo pamafunika opaleshoni.

Achimwene anamaliza mankhwala awo a TB. Chilimila sakokanso, boti anapatsa mwana wawo, iwo amayanika usipa pathandala. Akavula malaya zipsera za mphini zimaoneka pachifuwa ponse, pamene polowa singano paja mpaka utachita kufufuza.